Khomo Lakuseri kwa a Chikuto

M'shopu ya a Chikuto munkanunkhira guluu wotentha ndi mapepala akale, ndipo fungolo linkakakamira m'zovala za aliyense wolowamo. Dzinali anawapatsa ndi ophunzira a payunivesite, chifukwa ntchito yawo inali yosoka mabuku ndi kuwaveka zikuto zolimba za zilembo zagolide. Shopuyo inali yopapatiza ngati khonde. Kutsogolo kunali kauntala, pakati tebulo lalitali, ndipo pafupi ndi khomo lakuseri panakhazikika makina odindira zilembo, akuda bii, oti amuna anayi sangawanyamule. Pansi pa zenera panali kampando kamene malemu akazi awo ankakhalapo posoka. Chiwamwalirire, panalibe amene anakhalapo.

A Chikuto anali ndi chizolowezi chimodzi chochedwetsa ntchito. Buku lililonse ankaliwerenga asanalisoke.

"Ndimangoona ngati masamba ali m'malo mwake," ankatero. Koma ukalowa mwadzidzidzi, unkawapeza akukangana ndi wolemba ali okhaokha, magalasi ali kunsonga kwa mphuno.

Mwana anali naye mmodzi yekha, wamkazi. Ankamutcha Manijala kuyambira tsiku limene, ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, anasuzumira pakauntala n'kuuza kasitomala kuti abwere mawa chifukwa bambo atopa. Dzinalo linamutsatira kusukulu yogonera konko, mpaka kuyunivesite, kumene tsopano anali m'chaka chomaliza cha maphunziro a kayendetsedwe ka bizinesi. Tsiku limene anasankhidwa kupita kumeneko, bambo ake anagula nsalu yabuluu ya chikuto, yokongola kuposa iliyonse imene anagwirapo, n'kuitsekera m'dirowa yapamwamba. Kenako analembetsanso chikwangwani cha pakhomo, koma theka la kumanja anauza wolembayo kuti alisiye lopanda kanthu.

"Apo mudzalembapo nokha, a Manijala," anatero. "Ine ndine wa manja. Mutu tikuudikira."

Anzake a m'kalasi ankalota mokweza. Wina ankafuna banki, wina kampani ya inshuwalansi, wina hotelo ya alendo, wina ankalumbira kuti sadzalembedwa ntchito ndi munthu. Manijala ankalota chamumtima. Ankadziona ali mu ofesi ya pansanjika yachisanu, mvula ikutsetsereka pagalasi, m'manja mulibe fungo la guluu. Ndipo m'chikwama chake munali kalata yochokera ku kampani ya zamtengatenga ya mumzinda wakutali, yomuitana kukaphunzira ntchito ya umanijala akangomaliza. Anali ataipinda ndi kuifunyulula kambirimbiri mpaka inayamba kung'ambika m'mapindo. Bambo ake sankadziwa za kalatayo.

Panalinso china chimene sankadziwa. Wophunzira aliyense wa chaka chomaliza ankayenera kulemba kafukufuku wa bizinesi yeniyeni. Mphunzitsi wake, mayi wosaseka msanga, anawauza kuti, "Dzina lenileni mubise, muzingoti Bizinesi X. Koma zimene mwapeza musabise, ngakhale zikhale zowawa."

Manijala anasankha shopu ya bambo ake, koma iye anawauza kuti akufufuza za kampani ya mabasi. Kwa miyezi itatu, akaweruka masana, ankabwera kudzakhala pakauntala ndi kope lake, maso ali pawotchi. A Chikuto ankangoti mwana wawasowa, moti anayamba kubwera ndi makapu awiri. Iye ankawerenga makasitomala olowa pakhomo: lero awiri, mawa mmodzi, mkucha ayi ndithu. Ankalemba mphindi zimene bambo ake ankatha posoka, pomata, podinda. Anayendanso mumsewu wa pageti la yunivesite n'kuwerenga mashopu a fotokope. Analipo asanu ndi awiri, ndipo iliyonse inali ndi chikwangwani chakuti imapanga zikuto zolimba. Onsewo anawalemba kuti ndi opikisana ndi Bizinesi X.

Mutu wachisanu unali wa malangizo. Mwini Bizinesi X ndi wokalamba, analemba motero, ndipo amakonda ntchito yake kuposa makasitomala ake. Ndi bwino agulitse makina akadali ndi wowafuna, atseke. Pa tsamba 62 anawonjezera mizere iwiri: "Mwiniwake akuyembekeza kuti mwana wake adzapitiriza bizinesiyi. Mwanayo alibe maganizo amenewo, koma akusowa poyambira kumuuza." Mizereyi anaifufuta kawiri, n'kuibwezera kawiri. Mphunzitsi wake anaidula mzere kunsi, n'kulemba m'mbali kuti, "Apa ndiye pagona nkhani."

Vuto linali lakuti yunivesite inkafuna mabuku atatu a zikuto zolimba.

"Kodi buku lathu lija lifika liti, a Manijala?" anafunsa a Chikuto Loweruka lina, dzanja lili kale pachogwirira cha dirowa. "Nsalu ija yatopa n'kugona."

"Chaka chino asintha, Bambo. Akuti tingotumiza pakompyuta."

Bodzalo linatuluka mosalala mpaka iye mwini anachita mantha.

"Oo. Zinthu zikusinthadi," anatero bambo ake, n'kukankha dirowayo pang'onopang'ono.

Lolemba, Manijala ananyamula mapepala ake n'kudutsa mashopu asanu ndi limodzi, kukalowa m'yomaliza, ya kufupi ndi pokwerera basi, kutali kwambiri ndi bambo ake. Mwiniwake anali mayi wonenepa, woseka ndi thupi lonse.

"Zikuto zolimba zitatu," anatero Manijala. "Koma mumapanga nokha?"

"Nanga tikapangitsa kwa ndani, achemwali? Zonse ndi manja anga awa. Mudzabwere Lachinayi."

Anatuluka atapepukidwa. M'basi anayamba kukonza tsogolo lake monga anaphunzirira kukonza la makampani. Adzawauza pa tsiku lovala gauni, ali osangalala. Adzati ndi zaka ziwiri zokha. Mwina adzabweradi, mwina ayi, koma bukulo lidzagona pashelefu ya laibulale popanda wodziwa kuti X ndi ndani.

Lachitatu masana anadzera kushopu ngati mwa nthawi zonse. Chitseko chakutsogolo chinali chotseka, zimene sizinachitikepo pakati pa sabata. Anagogoda. M'katimo makina ankamveka, gu, kenako chete wautali, kenako gu. Anagogodanso n'kuitana, koma palibe anayankha. Anaima pamenepo mpaka miyendo inatopa, n'kubwerera akudziuza kuti phokoso la makina lawatseka makutu.

Lachinayi mayi wa fotokope uja anatulutsa phukusi pansi pa kauntala. Linali lokutidwa ndi pepala labulawuni, lomangidwa ndi ulusi wosokera mabuku. Manijala atangoona mfundo yake, anaizindikira. Anamasula. Mabuku atatu anagona pamenepo, abuluu ngati thambo mvula itangokata. Dzina lake linali kuwala m'zilembo zagolide, ndipo chilembo chimodzi chinali chobenthuka pang'ono kumchira. Chilembo chimenecho anachigwetsa ndi iye mwini pasimenti ali ndi zaka zisanu ndi zinayi.

"Wapanga mabukuwa ndani?"

Mayiyo anaseka, koma ataona nkhope ya mtsikanayo, kusekako kunathera m'njira. Anatsitsa mawu.

"Musakauze anzanu, achemwali. Msewu wonse uno palibe amene ali ndi makina a golide. Tonse timapititsa kwa mdala wina, m'mamawa tisanatsegule, podzera khomo lakuseri. Makasitomala asamadziwe, si mukudziwa malonda. Mdalayo anatilonjeza kuti sadzauza munthu, ngakhale wa m'nyumba mwake." Anasisita chikuto chimodzi ndi chala. "Koma inu muli ndi mwayi. Nsalu iyi sindinaionepo. Ndipo awa ndi omaliza. Zaka zitatu ndakhala ndikuwanyengerera kuti andigulitse makina aja, iwo kukana, ati mwiniwake akubwera. Dzulo madzulo anditumizira okha uthenga kuti ndikawatenge Loweruka."

Manijala sanadikire basi. Anayenda, kenako anathamanga, mabuku atawakumbatira pachifuwa.

Chikwangwani chinali chitatsitsidwa, chitatsamira khoma, zolemba zikuyang'ana mkati. Chitseko chakutsogolo chinali chotsekabe, ndiye anazungulira m'kanjira ka pakati pa nyumba, mmene sanadutsemo chikulireni. Khomo lakuseri linali pululu. Kumbuyo kwa chitsekocho kunali shelefu imene munthu wokhala pakauntala sakanaiona, ndipo pashelefupo panali makatoni asanu ndi awiri, lililonse lolembedwa dzina la shopu ya fotokope.

A Chikuto anali patebulo, akupukuta zilembo zamkuwa chimodzichimodzi n'kumaziika m'bokosi lake.

"Mwafika, a Manijala? Tiyi ali m'fulasikimo."

"Bambo."

"Tsamba 18 linali lozondoka, ndakonza." Sanadzutse mutu. "Kampani ya mabasi ija ndaiwerenga. Ndi yachilendo ndithu. Ili ndi kampando pansi pa zenera."

"Ndinalakwitsa, Bambo. Zonse ndinalakwitsa. Ndinkangowerenga olowera kutsogolo. Anthu ndinkati ndi adani anu aja ndiwo makasitomala anu. Shopuyi siikufa."

"Ndikudziwa, mwanangu. Ndinaseka mpaka tsamba 61. Ndinati, sukulu yonseyi mwana sanadziwe kuti nyumba ili ndi makomo awiri. Ndimati ukabwera ndidzakuseke mpaka ulire." Anaika chilembo m'bokosi. "Koma tsamba 62 lilibe nambala ngakhale imodzi. Limenelo sunalakwitse."

Manijala anaika mabuku patebulo. Kenako anatulutsa kalata ija m'chikwama.

"Iyinso ndinakubisirani. Koma sindipita. Ndiing'amba pompano. Muwauze mayi aja kuti makina sakugulitsidwanso."

"Bweretsa kuno."

Anaiwerenga monga ankawerengera chilichonse, kuyambira pamwamba mpaka pasiginecha, milomo ikugwedera. Atamaliza anatenga kachidutswa ka pepala lopyapyala, n'kumata pamene panayamba kung'ambika, n'kusalaza ndi chikhatho.

"Ntchito yabwino iyi," anatero. "Ukakhala lero, ukhala chifukwa cha manyazi. Ndiye ine ndizikuona m'mawa uliwonse ukuyang'ana pazenera. Amako anakhala pakampando apo chifukwa ankafuna."

"Inenso ndikufuna."

"Ayi, a Manijala. Munalemba nokha, mpaka aphunzitsi anu anavomereza." Anavula magalasi n'kutikita maso. Popanda magalasi ankaoneka okalamba kwambiri. "Masowa anatha kalekale. Singano ndimailowetsa ulusi mongopapasa. Zaka zinayi zonsezi ndakhala ngati munthu wosungira mnzake malo m'basi, chikwama pampando, aliyense wofunsa n'kumamuuza kuti pali munthu. Tsopano ndamva kuti munthuyo anakwera ina. Bwanji ndisachotse chikwamacho, ndipume?"



"Kupita kwako sikunandiwawe kwenikweni," anapitiriza a Chikuto mofatsa. "Mwana amapita. Chandiwawa n'chakuti aphunzitsi ako anadziwa ine ndisanadziwe. Miyezi itatu unkakhala apo, ine n'kumati wandisowa. Ndinkakuthirira tiyi, iwe ukundiwerengera mphindi. Ukanangonena, mwanangu. Ine ndimayesa ndine bambo ako, osati X."

Pamenepo misozi inatsika. Manijala anapita pansi pa zenera n'kukhala pakampando ka mayi ake. Kampandoko kanalira pang'ono, ngati kadabwa. Anakoka mulu wa mapepala opindidwa amene anali kudikira kusokedwa, natenga singano ndi ulusi. Ankafuna kuwaonetsa, osati kuwauza. Anagwira pepala loyamba, n'kulitembenuza uku ndi uku. Ankadziwa kuti kusoka buku lotere kumatenga mphindi makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri, chifukwa analemba yekha pa tsamba 33. Koma singano imayambira bowo liti, la pamwamba kapena la pansi, kuchokera mkati kapena kunja, sankadziwa.

A Chikuto anamuyang'ana kwa kanthawi. Kenako anabwera, natenga singanoyo m'zala zake mosamala ngati akulanda mpeni kwa khanda, n'kuiika m'kachitini.

"Si mlandu wako," anatero. "Sindinakuphunzitse dala. Ndinkafuna manja ako akhale osalala."

Anasanja mabuku atatu aja, nawakutanso m'pepala labulawuni, n'kumanga mfundo yawo ija. Kalata anailowetsa pansi pa ulusi.

"Ofesi ya kusukulu amatseka folo koloko. Fulumira. Ndipo uwanyamulire kutali ndi nkhope, nsalu imeneyi ikadontheredwa madzi banga lake silichoka."

Anamutsegulira chitseko chakutsogolo. Manijala anatuluka padzuwa, phukusi atalitambasulira patsogolo pake ndi manja awiri, anthu a mumsewu akumupatukira. Atafika pakona anacheuka. Bambo ake anali atalowa kale, ndipo pakhoma pamene panali chikwangwani panatsala malo oyera kuposa khoma lonse, ndi misomali inayi.