Kaphiri Komwe Ndinali Nambewe

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale amayi. A Mbewe, amene anakwatira amayi anga ine ndili sitandade 4, kwa zaka zambiri sindinawaitanepo. Si kuti ndinkawaitana molakwika ayi, sindinkawaitana basi. Ndikafuna kuwauza kuti madzi osamba atentha, ndinkaima pomwe angandione mpaka atatukula mutu. Akakhala kuseri kwa nyumba ndinkatsokomola. Koma mumtima liwu loti "ababa" ndinkalinena kambirimbiri. Linkafika pakhosi n'kubwerera.

Bambo anga ondibereka anali a Nkhoma. Anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo chimene ndimakumbukira ndi chipewa chawo chokha. Kwathu kuno ku Nsaru aliyense amadziwa zimenezi. Azimayi akafuna kundisangalatsa amandiitana pa mfunda, "Nankhoma", ndipo akamakamba za a Mbewe amati "bambo ake omupeza aja".

A Mbewe anapuma ntchito ku Chitedze, komwe ankayang'anira minda yoyeserera mbewu za mtedza, chaka chomwe ine ndinalemba mayeso a fomu 4. Atangokhala pakhomo miyezi yochepa mimba inatsogola, mapazi n'kuyamba kutupa. Kuchipatala ku Namitete anawauza kuti shuga wakwera, magazi akuthamanga, ndipo mankhwala okha sakwanira. Aziyenda, kuyenda kotulutsa thukuta.

Anayesa ndithu. Anagula nsapato zothamangira pa kaunjika, n'kutuluka m'mawa atatukula chifuwa. Masana amayi anawapeza pakhonde la golosale ya a Ibrahim akumwa tiyi. Munthu ngati iwo, mkulu wa mpingo, sangadutse pakhomo pa munthu osaima. Ndipo moni wa kwathu satha msanga: mwadzuka bwanji, kunyumba, ana, mwendo uja, maliro a dzana simunaoneke bwanji. Akamatsazika apa, pakhomo lina atulutsa kale mpando. Anyamata a kabaza nawo ankawatsata pambuyo. "Bwana, galimoto yafa eti? Kwerani, musavutike!"

"Kuno sikuyendeka," anatero madzulo ena akuvula nsapato zija. "Ndizipita kumene sandidziwa."

Amayi anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Ndiye muziwotcha petulo kuti mukayende pansi? Anzanu amakwera galimoto pothawa kuyenda, inu mukwera kukafuna kuyenda! Anthu atimva bwanji?"

"Anthuwo ndi amene ndikuwathawa."

"Chabwino, koma mutenge Jenifer. Mukakagwa kutchireko adzandiuza ndani? Nayenso chimalizireni mayeso wangokhala m'nyumba ngati nkhuku yofungatira."

Umo ndi mmene ndinayambira kukwera kutsogolo kwa kapikapu kawo koyera, botolo la madzi lili pamiyendo, masiwiti ali m'thumba la siketi kuopa kuti shuga angatsike ali m'njira. Tinkadutsa msewu wafumbi wa ku Kabudula, kenako n'kukhotera m'kanjira ka ngolo mpaka pa kaphiri kena koima kokha pakati pa minda. Batire la galimotoyo linali lotopa, ndiye a Mbewe ankaiimika pamalo otsetsereka, itayang'ana kumunsi, mwala uli kutsogolo kwa tayala. Pobwerera ine ndinkangochotsa mwalawo n'kudumphira mkati, iyo n'kugubuduka mpaka italira.

M'munsi mwa kaphiriko muli dambo, ndipo njira yokwerera imadutsa pa dimba la tomato la gogo wina, a Abrahamu. Tsiku loyamba anaweramuka, keni ili m'manja, n'kutiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Kodi alendo mukusaka malo ogula?"

"Ayi, tikungoyenda."

"Kupita kuti?"

"Pamwamba apo, kenako tibwerere."

"Pamwambapo pali chiyani?"

"Palibe."

A Abrahamu anayang'ana galimoto, n'kuyang'ana phiri, n'kugwedeza mutu mwachisoni ngati aona odwala. "Chabwino. Nanga mfunda ndinu ayani?"

"Ndine Mbewe."

"Ooo, a Mbewe! Ndiye awa ndi a Nambewe. Mwadzuka bwanji, a Nambewe?"

Ndinamva kutentha kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Ndinawerama n'kuwomba m'manja pang'ono, mawu osatuluka. Ndinkadikira kuti a Mbewe akonze. Iwo anangoloza masamba a tomato n'kufunsa ngati chiwawu chafika kale chaka chino.

Kuyambira tsiku limenelo, Lachiwiri ndi Lachisanu ndinkadzuka amayi asanandidzutse. Iwo ankati ndayamba kukonda mpweya wabwino. Zoona zake n'zakuti kumeneko kunali malo okhawo padziko pomwe palibe ankadziwa kuti ndine wopezedwa. Ana oweta mbuzi ankakuwa tili patali, "Nambewe! Nambewe, tigaireni siwiti!" Ine ndinkawagaira, mwina kuposa mmene ndinayenera.

Pokwera a Mbewe ankatsogola, akupuma ngati mvukuto, koma pakamwa osatseka. Ankandionetsa mtengo wa muwanga, ankatola dothi n'kulifikisa m'manja kuti ndione chifukwa chake mtedza sungachite bwino pamenepo. Ine yankho langa linali limodzi: "Eya." Minga ikandikola ndinkatsokomola, iwo n'kuima osatembenuka mpaka nditawonjoka. Pamwamba tinkakhala pa thanthwe, mphepo yozizira ikuumitsa thukuta, tikuyang'ana zigafa za fodya zopanda kanthu ndi malata akunyezimira kutali. Tsiku lina anandifunsa ngati ndikuopa zotsatira za mayeso. Ndinati eya. Iwo anati, "Zikabwera zoipa tidzakwera phiri lomweli, tidzakhala pomwe pano, tidzaganiza chochita. Si imfa." Usiku wake ndinagona tulo tabwino koyamba chilembereni masamu.

Lamba wawo anayamba kusuntha mabowo. Mapazi anaphwa. Amayi anasiya kudandaula za petulo.

Lachisanu lina titafika tinapeza ngolo itaima pamalo athu otsetsereka aja, anthu akupakira madengu a tomato. A Mbewe anaimika galimoto pamalo athyathyathya. "Lero ukankha," anatero akuseka.

Tili pafupi ndi dimba ndinamva liwu lomwe ndinalizindikira nthawi yomweyo. Anali a Phyllis, mayi wa kumpingo kwathu amene amagulitsa tomato pamsika wa Nsaru. Anabwera kudzapikula.

"Eee! A Mbewe! Kani mumathawira kuno? Ndi Nankhoma yemwe! Iwe Nankhoma, wadzatani kutchire kuno?"

A Abrahamu anaika keni pansi. "Nankhoma wake uti? Awa ndi a Nambewe."

"Iyayi agogo, uyu ndi mwana wa malemu a Nkhoma. Awa anangomupeza. Koma amulera bwino, taonani mmene wakulira, fomu 4 wamaliza."

Sananene mwankhanza. Ankayamikira ndithu. A Abrahamu anavula chipewa n'kundiyang'ana. "Pepani mayi. Nthawi yonseyi takhala tikukuvekani dzina la eni, inu osanena. Mutikhululukire, a Nankhoma."

Ndinawomba m'manja, maso ali pansi, ngati tsiku loyamba lija.

Tsiku limenelo a Mbewe sanatchule mtengo ngakhale umodzi. Ndinkangomva kupuma kwawo ndi miyala ikugubuduka. Titafika pa thanthwe anamwa madzi, n'kutseka botolo pang'onopang'ono.

"Jenifer, ndakulakwira."

Anaika botololo pambali n'kupitiriza.

"Ndinayenera kuwakonza agogo aja tsiku loyamba. Ndinaona kuti sunayankhe, unangowerama. Ndinadziwa kuti chakuwawa. Koma dzinalo linandikomera m'makutu, ndiye ndinangolisiya." Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mphamvu. "Bambo ako ndinkawadziwa, anali munthu. Sindinabwere kudzawafufuta. Zaka zonsezi ndimaona kuti umandilemekeza, koma patali, ndipo palibe cholakwika pamenepo."

Mumtima ndinkakuwa kuti ayi, si choncho. Lilime linali ngati lamangidwa ndi luzi.

"Kuyambira Lachiwiri ndizibwera ndekha. Njira ndaizolowera, thupi lapepuka. Amayi ako ndiwafotokozera ine. Mtsikana asamakakamizike kuyenda ndi nkhalamba kumapiri, n'kumaitanidwa dzina losalifuna. Wamva eti?"

Ndipo ine, chitsiru, pakamwa panga panatuluka liwu lomwe linazolowera njira.

"Eya."

Anagwedeza mutu, n'kudzuka, n'kutsogola.

Potsika ndinkayang'ana msana wawo, malaya atanyowa pakati. Ndinakumbukira tsiku lomwe anandinyamula pa njinga mvula ikugwa nditadwala malungo, jekete lawo atandifunditsa ine. Ndinakumbukira mmene anakhalira panja pa holo tsiku la mayeso a sayansi, akunamizira kuti akudikira munthu wina. Ndinakonza mawu, ndinawasanja bwinobwino. Ndikati nditsegule pakamwa, ankabalalika ngati anapiye.

Tinapeza ngolo ija yapita, a Phyllis nawo apita. A Abrahamu anali kumapeto kwa dimba, ndipo anangokweza dzanja osaitana dzina lililonse.

A Mbewe analowa m'galimoto n'kutulutsa mutu pawindo. "Ukankhe mwamphamvu. Ikalira sindiima msanga, ingazime. Ndikakudikira pa mtengo wa mango uko."

Ndinamanga chitenje, n'kuika manja kumbuyo kwa galimoto. Ana awiri oweta mbuzi anathamanga kudzandithandiza. Tinakankha, mapazi akuterereka mumchenga. Galimoto inatsokomola, inanjenjemera, kenako inalira n'kutisiya tili chiweramire, utsi uli kumaso.

Ndinaweramuka. Kapikapu kaja kankapita, fumbi lili m'mbuyo, ndipo pagalasi lakumbuyo ndinkaona mutu umodzi wokha, mpando wanga uli wopanda munthu. Ndinazindikira kuti Lachiwiri zidzaoneka chonchi. Lachisanunso chonchi. Mwala wa patayala azidzachotsa okha, masiwiti azidzaiwala pa tebulo.

Ndinatsokomola. Inde, ndinatsokomola, ngati munthu angamve chifuwa injini ikulira. Mmodzi wa ana aja anandiyang'ana modabwa.

Kenako sindikudziwa kuti mpweya unachokera kuti.

"Ababa!"

Liwulo linamveka dambo lonse. Mbuzi zinadzidzimuka. A Abrahamu anatembenuka.

"Ababa, dikirani!"

Nyali zofiira zinayaka. Galimoto inaima mwadzidzidzi, n'kudumpha kamodzi, n'kuzima, mtengo wa mango uli patali.

Ndinathamanga mpaka pawindo lawo. Anali atagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, akuyang'ana kutsogolo.

"Yazima," anatero ndi mawu osasa. "Wandizimitsira galimoto, iwe mwana."

"Ndikankhanso."

"Jenifer, ngati n'chifukwa cha zomwe ndanena kuphiri kuja, usadzikakamize."

Ndinagwira chitseko. Mtima unkagunda mpaka m'mano. Koma pakhosi paja panali patatseguka, ndipo ndinaopa kuti ndikadikira patsekekanso.

"Silinkandiwawa dzina lija," ndinatero. "Ndinkadzukira lomwelo. A Nkhoma anandibereka, sindikuwakana. Koma kuyambira sitandade 4 ndakhala ndikufuna kukuitanani, mawu okha ndi amene amandikanika. Zikomo pondilera. Lachiwiri musandisiye, ababa."