Kompyuta ya Bambo Yakana Kuyaka

"Dinanso," anatero amayi.

Mwana wawo wachisamba anadinanso batani. Fani inazungulira, sikirini inaphethira, kenaka inada bii n'kungosiya timawu toyera pakona. Anali atadina mpaka chala kuwawa.

Panali patangopita masiku ochepa chiikire bambo m'manda. Malemuwo anali wojambula zithunzi, ndipo zithunzi zonse za banjali, kuyambira zaukwati mpaka za zidzukulu, anazisunga m'kompyutamo, poti zapepala zinaonongeka denga litadontha. Amayi sankafuna zambiri. Ankangofuna nkhope ya mwamuna wawo, imodzi yokha, yoti apachike pakhoma.

Wachisambayo anali munthu woti chinthu chikaonongeka amayamba wapeza wolakwa, zokonza pambuyo. Anatembenukira mlongo wake, mzime wa m'nyumbamo, yemwe anali ndi kashopu kotayipa makalata.

"Iwe ndiwe unalowa muno dzana."

"Ndimapukuta fumbi, achimwene."

"Fumbi lakelo linali pa mabatani pokha?"

"Inu munabwera liti kudzapukuta? Bambo akudwala munkangoimba foni."

"Misozi sinaume, inu mwayamba kale," anatero amayi motsitsa mawu. 

Wokonza makompyuta anafika masana. Anapepesa maliro, n'kukhala pampando wa malemu mochita kudzichepetsa. Anayatsa, n'kuwerenga timawu tija.

"Ikuti siikuona disiki yoyambira. Nthawi zina ndi waya chabe wakhwepa, musade nkhawa."

Analowa m'makonzedwe a makinawo, koma pamene pamayenera kuoneka dzina la disiki panalibe kanthu. Anazimitsa, anazula pulagi, n'kumasula chivundikiro cha m'mbali. Anasuzumira, ndipo anakhalitsa chisuzumirire.

"Amayi, disiki sinafe ayi. Mulibemo."

"Yabedwa!" Wachisamba anadzuka. "Ndinanena ine kuti chipinda chino chikhomedwe. Anthu a pamaliro si onse obwera kudzalira."

"Kaya, bwana. Koma pamene inali pali fumbi lakale. Yachoka kalekale."

Mzime anagwira khoma. Miyezi ingapo m'mbuyomo kompyuta ya kushopu kwake inafa, ntchito za anthu zili mulu. Anabwera kwa bambo akulira kuti atseka shopu. Bambo anainyamula osanena zambiri, ndipo mawa lake anaibweza ikuyaka bwinobwino.

"Anandiuza kuti anali ndi disiki ina yapadera," anatero mzime. "Anati imangokhala m'dirowa."

"Bambo ako sanakhalepo ndi chinthu chapadera," anatero amayi. "Ngakhale jekete."

Mzime anatembenukira wokonza uja. "Ndikaibweretsa, zithunzizo mungazipeze? Muli mafayilo anga okhaokha, koma mwina pansi pake..."

"Ndiyesa, chemwali, koma ndisakunamizeni. Malemu anafufuta zawo kuti muikemo zanu, ndipo mwakhala mukulembamo miyezi yonseyi. Zatsopano zimakwirira zakale."

Apa mpomwe mzime analira, kulira koposa kwa kumanda. Chinamuwawa n'chakuti kalata iliyonse imene anatayipira munthu inkafufuta nkhope ya bambo ake, iye akusangalala kuti shopu yadzuka. Wachisamba anatsegula pakamwa, koma ulendo uno wolakwa sanamupeze. Anakhala pansi, n'kuika dzanja paphewa pa mlongo wake mosazolowera.

"Nanga m'mawa uliwonse ankalowa muno kudzatani?" anafunsa. "Ndikaimba foni ankati ali pa kompyuta."

"Ankatseka chitseko," anatero amayi. "Ndinkamva ikulira, ine n'kumati akugwira ntchito."

Amayi anasendera pafupi n'kusuzumira m'bokosi lotsegulalo. Mawaya awiri amene anatsala opanda polumikiza anali atapindidwa bwinobwino, n'kumangidwa kuchitsulo kuti asakhudze fani. Chomangiracho chinali chingwe chakuda cha nsapato.

Amayi anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndinawalongololera sabata yathunthu," anatero. "Ndinkati munthu wamkulu angataye bwanji chingwe cha nsapato yabwino? Iwo ankangoseka."

Wokonza makompyuta anatambasula dzanja kuti amasule mfundoyo. "Ndikhoza kuikamo disiki ina, amayi. Iyaka lero lomwe."

Amayi anamugwira pamkono.

"Musamasule, bambo. Ingotsekani mmene anasiyiramo."