Chopinga cha pa Kilomita 14

Ku ofesi yoyang'anira misewu aliyense ankamutchula kuti Mapaipi, moti dzina lake lenileni linangotsala pa chiphaso chimene ankakoleka m'khosi. Silinali dzina lachipongwe. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ntchito yake inali kuyala mapaipi awiri a mphira modutsa msewu, kuwakhomera m'phula, n'kuwalumikiza ku kabokosi kachitsulo kamene ankakamangirira ndi unyolo pa mtengo wa magetsi. Galimoto ikaponda paipi yoyamba kenako yachiwiri, kabokosiko kankalemba nthawi ndi liwiro. Sikankadziwa bwana, sikankadziwa m'busa. Aliyense kankamulemba mmene wadutsira.

Ulendo uno mapaipi anakhala sabata yathunthu pa kilomita 14 ya msewu waukulu wolowa m'tauni. Chikwangwani cha pamenepo chinkati 60. Anthu ankadutsapo pa 90, ena kuposa apo, ndipo chikwangwanicho chinangotsala poteramo mbalame. Akuluakulu atatopa ndi madandaulo a anthu ogwidwa ndi apolisi, analamula kuti payezedwe. Kayezedwe kake n'kodziwika: mwa galimoto zana zilizonse, uzindandalike kuyambira yoyenda pang'onopang'ono kukafika yothamanga kwambiri, uone liwiro la ya nambala 85, ndipo chikwangwani chatsopano chitsatire pamenepo. Kunena mosazungulira, anthu akakana kumvera chikwangwani, chikwangwanicho ndiye chimamvera anthu. Lipoti linkafunika Lachisanu, ndipo mu ofesi monse ankadziwa kale kuti 60 isanduka 80.

Chimene chinkamudya Mapaipi chinali chimodzi. Pa kilomita 14 pomwepo, kuseri kwa mpanda wa maluwa, ndi pomwe panali nyumba ya amayi ake. Tsidya lina la msewu kunkakhala akulu awo, amene iye ankawatchula kuti amayi aakulu, omwe anafa ziwalo mbali imodzi zaka zitatu zapitazo. M'mawa uliwonse mng'ono ankapita kukasambitsa mkulu wake. Mapaipi anali atawauza amayi akewo mpaka pakamwa kuuma kuti azidzera pa mlatho wa oyenda pansi, ndipo iwo ankangoti, "Ndamva, mwanawe." Mlathowo unali kilomita yathunthu kuchokera pakhomo, masitepe makumi anayi kukwera, makumi anayi kutsika. Munthu wodya za kuyeza akanatha kuphatikiza yekha masitepewo ndi bondo la mayi wa zaka 76. Iye sanaphatikize. Ankakhulupirira za mlathozo chifukwa zinkamugonetsa tulo.

Lachitatu anatsanulira manambala a m'kabokosi mu kompyuta, ndipo anaona chinthu chachilendo. Masiku onse a ntchito, cha m'ma 6:40 m'mawa, galimoto zonse zinkatsika kufika pa 40, zina pa 20, kwa mphindi ziwiri kapena zitatu. Zikatero msewu unkabwereranso ku misala yake. Cha m'ma 10 koloko zinkachitikanso chimodzimodzi.

Anapita nazo kwa abwana ake, mayi wa magalasi okhuthala amene ankawerenga lipoti milomo ili gwa ngati akulawa mankhwala owawa.

"Kabokosi kanu kakalamba, a Mapaipi," anatero abwanawo. "Kapena pali chopinga, lole yotsitsa katundu kapena chinachake. Lamulo mukulidziwa. Timawerenga galimoto zoyenda momasuka basi. Zochedwetsedwa ndi chopinga muzichotse, mulembe pa fomu kuti chopingacho chinali chiyani. Mukaone mawa."

Lachinayi anadzuka nthawi yabwino, koma nsapato ya mwana inasowa, kenako makiyi, ndipo potuluka pakhomo nthawi inali itamuthera. Iye ankakhala mbali ina ya tauni, choncho anazungulira n'kukalowa msewu waukulu pa kilomita 20, pakati penipeni pa anthu opita kuntchito. M'galimoto ya kumanja kwake munali namwino atavala kale yunifolomu, akuyasamula. Kutsogolo kunali bambo amene ana ake atatu ankadya buledi pampando wakumbuyo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzuka n'cholinga choswa lamulo. Pamsewu wotere umayenda mmene wakutsogolo akuyendera, ndipo ukati uchepetse, wakumbuyo amakhala ali kale pamsana pako, hutala ili m'khutu. Mapaipi sanayang'ane n'komwe kamuvi ka liwiro.

Atatsala pang'ono kufika pokhota, galimoto yochokera kutsogolo inamuphethirira magetsi. Yachiwiri inateronso, yachitatunso. Woyendetsa aliyense amadziwa tanthauzo lake: apolisi ali patsogolo. Mapaipi anaponda buleki, dzanja likufufuza lamba pachifuwa, ndipo apo m'pamene anaona kuti kamuvi kakutsika kuchokera pa 92. Namwino uja anachepetsanso, bambo wa ana uja chimodzimodzi.

Atakhota anaona jekete yonyezimira m'mbali mwa msewu, mkono utatambasulidwa, m'dzanja muli chinthu chakuda. Koma wapolisi ameneyu anali wamfupi, wa mpango kumutu, ndipo dzanja linalo linagwira ndodo. Chakudacho chinali fulasiki ya tiyi. Jeketeyo anaizindikira ndi zilembo za ofesi yake zimene zinali zitafufutika kumsana. Inali yake, imene anaifunafuna zaka zitatu zapitazo mpaka kunamizira mlonda.

Lole ya buledi inaima pakati pa msewu, magetsi onse akuphethira, n'kutsekereza a kumbuyo. Amayi ake anatsika m'phula. Ankaponya ndodo, kenako mwendo wabwino, kenako kukoka wa bondo lija. Mutu wa Mapaipi unayamba wokha ntchito imene unazolowera, kuwerenga. Amayiwo anafika tsidya lina pa masekondi 23. Kuchokera pokhota paja kufika pamenepo ndi mamita 400, iye mwini ndiye anayeza. Galimoto ya pa 60 imatenga masekondi 24. Ya pa 90 imatenga 16.

Podutsa pafupi ndi galimoto yake amayiwo anakweza fulasiki kuthokoza, osamuyang'ana n'komwe, monga ankachitira kwa aliyense. Zimenezo zinamupweteka kuposa zonse.

Anaimika galimoto pambali n'kuwatsatira. Anawapeza m'chipinda cha amayi aakulu, jekete ataikoleka pa msomali wa kuseri kwa chitseko, akuyesa madzi a m'beseni ndi chigongono. M'chipindamo munkanunkhira sopo ndi mafuta opaka.

"Amayi, mlatho uja mumadzerapo ndi umenewu?"

Sanadzidzimuke. "Wadzuka bwanji, mwanawe? Anthu amayamba ndi moni."

"Ndadzuka bwino. Amayi, mwakhala mukundinamiza zaka zitatu."

"Ndimakuuza kuti ndamva. Kumva ndimamvadi." Anafinya kansalu. "Ndikwere masitepe aja ndi bondo ili, ndifike kuno dzuwa lili pamutu, akulu angawa atagona m'zonyowa? Gwira apa, tiwadzutse."

Anagwira. Amayi aakulu anali opepuka moti Mapaipi anachita mantha. Anamuyang'ana ndi diso lawo labwino, n'kulankhula ndi mbali imodzi ya pakamwa: "Wabwera kudzamanga wapolisi wathu?"

Alongo awiriwo anaseka, wina mokweza, wina mosisima. Mapaipi sanaseke.

"Poyamba ankandiyesadi wapolisi," anatero amayi ake, akupukuta msana wa mkulu wawo. "Sabata imodzi yokha. Anthu si opusa. Panopa akudziwa kuti ndi nkhalamba ya tiyi, koma amachepetsabe. Wa lole ya buledi uja sanandiphonyepo. Tsiku lina chimfine chinandigoneka, mawa lake mayi wina anatsitsa galasi kundifunsa ngati ndapeza bwino. Sindikumudziwa dzina, iyenso sandidziwa."

"Nanga mlendo amene sakukudziwani?"

"Anzake amamuphethirira magetsi. Iwe sanakuphethirire?"

Mapaipi anavomera ndi mutu.

"Unali pa zingati?"

"Pa 92," anayankha motsitsa mawu.

"Eya. Ndiye usawanyoze anzako. Onse aja akuthamangira ana awo ngati iwe. Tandipatsira thaulo."

Lachisanu m'mawa anakhala pa desiki fomu ili patsogolo. Anayamba wayesa kusiya galimoto zochedwa zija m'chiwerengero, kuti mwina zikokere nambala pansi. Sizinathandize. Zinali zochepa kwambiri pakati pa galimoto zikwi zambiri, ndipo kuzisiya kapena kuzichotsa yankho linali lomwelo, 88. Kusintha manambala kunali kosavuta, palibe akanadziwa, ndipo chala chake chinaima pa kiyibodi nthawi ndithu. Koma kabokosi kaja sikanamunamizepo, ndipo iye sanafune kukanamizira. Analemba 88.

Kenako anafika pa mzere wakuti "Mtundu wa chopinga". Zaka zonsezi pamenepa ankalembapo lole yowonongeka, ng'ombe, ntchito yokonza ngalande. Analemba kuti: Amayi anga. Pansi pake, m'malo a ndemanga amene palibe ankawadzaza mu ofesimo, analemba mamita 400, masekondi 23, masekondi 24, masekondi 16. Anawonjezera chimene aliyense wa ntchito imeneyi amadziwa koma salemba, chakuti pamene palembedwa 80 anthu amawerenga 100.

Abwana anawerenga milomo ili gwa monga mwa masiku onse. Atafika pa mzere uja anavula magalasi.

"Agogo a jekete aja ndi mayi anu?"

"Mukuwadziwa, bwana?"

"Ndimadutsa pamenepo m'mawa uliwonse. Ndimayamba kuphethira magetsi ndikangowadutsa mpaka ku kilomita 12, kuti otuluka m'tauni adziwe." Anapukuta magalasiwo ndi nsonga ya bulauzi, nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira. "Musandifunse kuti ndimakhala ndili pa zingati ndisanafike pokhota."

"Sindifunsa, bwana. Kabokosi kakudziwa."

Abwana anatulutsa mpweya m'mphuno, kumene kwa iwo kunali kuseka. Anatenga cholembera. Msewu wonse ukwera kufika pa 80, anatero, chifukwa manambala ndi manambala, koma pa kilomita 14 pakhalabe 60, ndipo alembera a zomangamanga kuti pakati pa msewu pamangidwe popumira oyenda pansi. "Chaka chamawa, mwina. Mukuwadziwa anthu ake. Koma a Mapaipi, inu ndi ine tisanamizane. Chikwangwani sichinagwirepo phazi la munthu. Amene akuwasunga mayi anuwo ndi anthu omwewa tikuwayezawa."

Anabwerera pa desiki yake atapepukidwa pang'ono. Akuti azimitse kompyuta, maso ake anagweranso pa manambala aja, ndipo anaona chimene anachidumpha Lachitatu. Masiku a ntchito galimoto zinkachepetsa pa 6:40. Loweruka ndi Lamulungu panalibe chilichonse. Manambala ankangoyenda 87, 94, 90, 101, osatsika ngakhale kamodzi. Wa lole ya buledi, namwino, abwana, onse owadziwa aja masiku amenewo amakhala ali kunyumba, ndipo msewu umadzaza ndi alendo. Koma munthu wofa ziwalo amafunika kusamba ndi Loweruka lomwe.

Anapita kosungira katundu n'kusainira jekete yatsopano.

Loweruka, 6:30 isanakwane, anali ataima pa geti la amayi ake. Amayiwo anatuluka ndi ndodo ndi fulasiki, atavala jekete yofufutika ija, ndipo atamuona anaima.

"Kwagwanji?"

"Palibe. Amayi, Loweruka mumawoloka bwanji?"

Anayang'ana kumsewu, kumene galimoto zinkadutsa ngati zikuthawa moto. "Ndimadikira," anatero. "Nthawi zina theka la ola. Ndikaona mpata ndimapemphera, n'kuyamba."

 Mapaipi anawavula jekete yakaleyo n'kuwaveka yatsopano, imene inawafika m'mawondo. Yakaleyo anavala iye.

"Yowala chonchi, anthu aziti ndakwezedwa pantchito," anatero amayi ake, akuisisita pachifuwa.

Anaima m'mbali mwa phula, iye kumbali yochokera galimoto, mkono uli m'mwamba. Yoyamba inadutsa osachepetsa. Yachiwirinso. Yachitatu inaona majekete awiri n'kuponda buleki, ndipo ya kumbuyo kwake inatsatira. Anawagwira pamkono n'kuyamba: ndodo, mwendo wabwino, kenako wa bondo lija. Sanafune kuwerenga, koma mutu unawerenga wokha.

"Zingati?" anafunsa amayi ake atafika tsidya, akupuma mwabefu. "Ndakuona milomo ikugwedezeka."

"23, amayi. Monga mwa masiku onse."

Anali masekondi 27.

"Mawanso ubwera?"

"Ndibwera," anatero, n'kuwalandira fulasiki.