Dengu la Amayi

Ntchito yanga ndi kuonetsa alendo minda ya tiyi. Mawu ake ndinawaloweza kalekale: mapiri ndi awo, apusi ali m'nkhalango umo, fakitale ndi iyo ikufuka utsi. Alendo akafuna kuyesako kuthyola, ndinkawatengera pamzere wa amayi anga, n'kumadziona ngati ndikuwalemekeza amayiwo.

Tsiku lina ndinawalangiza alendo monga mwa masiku onse: "Masamba awiri anthete ndi kansonga, basi." Ndani anamva? Ankangopulula ndi okhwima omwe, n'kumaponya m'dengu la amayi uku akujambulana. Amayi ankangomwetulira.

Titapita patsogolo, mlendo wina anati waiwala chipewa, ndiye ndinabwerera. Ndinapeza amayi atakhuthulira dengu lonse pansalu, akusankha tsamba limodzilimodzi. Anzawo anali atafika kale kusikelo.

"Amayi, mukutani?"

"Kapitawo akapeza okhwima amabweza dengu lonse," anayankha ali chiweramire. "Ukabwera ndi alendo ndimatere, mwana wanga. Pita, akukudikira. Ukawauze kuti athyola bwino."

Ndinatola chipewa chija, manyazi atandigwira. Alendo ndinakawauzadi choncho, ndipo anadziombera m'manja.