Ndowa ya Anankafumbwe

Ndowa khumi ndi imodzi zitadzaza, Mailesi anakutumula thumba lomaliza la chimanga. Munagwa fumbi ndi anankafumbwe atatu, amene anayamba kuyenda pamphasa mosafulumira, ngati eni khomo. Amuna ake, a Gerishon, anawayang'ana mpaka anafika m'mphepete mwa mphasa, kenaka anazula pensulo kukhutu n'kulemba nambala.

A Gerishon anagwira ukalaliki pamsika wogula mbewu kwa zaka khumi ndi ziwiri. Zipani zitachuluka m'dziko, zinthu zambiri zinatseguka, makamwa a anthu ndi zipata za sukulu zomwe, koma msika wawo unatsekedwa. Sikelo inakwezedwa pa lole n'kupita. Iwo anatsala ndi pensulo, buku la malisiti losatha, ndi chizolowezi cholankhula ndi anthu ngati aima pamzere. Kwawo kunali ku Nsambe, koma ankakhala pachikamwini m'mudzi wa mkazi wawo kufupi ndi Magaleta, polima munda umene apongozi awo anasiyira ana awo aakazi.

Chaka chapitacho mvula inadula msanga, ndipo Januwale wa 1995 anapeza nkhokwe ili pansi. Pakhomopo panali anthu asanu ndi awiri: iwo, Mailesi, ana anayi, ndi Deliwe, mng'ono wake wa Mailesi. Deliwe anakwatiwa ku Lisungwi ndi mwamuna wothawa nkhondo. Nkhondo ya ku Mozambique itatha, mwamunayo anakwera lole yobwezera anthu kwawo, nati akakonza malo adzamutenga. Deliwe anabwerera kumudzi ndi mphika umodzi, zitenje ziwiri ndi pathupi. Pakamwa pokha sanasiye ku Lisungwi. A Gerishon, mlamu wake, iye ankawaitana kuti a Sikelo, ngakhale pamaso pa alendo.

Masana onsewo a Gerishon anakhala pakhonde ndi buku la malisiti atalitembenuza kuseri. Anawerenga kuti chimanga chachiwisi ndi maungu zidzayamba kudyeka pakatha masabata khumi. Munthu mmodzi, podya kamodzi patsiku, amatha ndowa imodzi ndi theka m'masabata khumiwo. Ndowa imodzi anaipatula kuti ndi ya anankafumbwe ndi makoswe, pakuti pamsika paja sanaonepo thumba likulowa n'kutuluka ndi kulemera komwekuja. Chiwerengero cha anthu odyetseka sanachidziwe, choncho anaikapo chilembo x, monga anawaphunzitsira ku Fomu 2. Analemba motere:

1½x + 1 ≤ 11

Anaitana Mailesi, amene anabwera akupukuta manja pachitenje. Anamufotokozera kuti chizindikiro chonga mlomo wa nkhuku wokhala ndi mzere kunsicho chimatanthauza kuti osapitirira. Ukachotsa ndowa ya anankafumbwe mbali zonse, zitsala khumi. Ukagawa khumi ndi imodzi ndi theka, upeza anthu asanu ndi mmodzi, ndi kachidutswa ka munthu, magawo awiri mwa atatu. Poti munthu sadulidwa, yankho ndi asanu ndi mmodzi.

"Ndipo tilipo asanu ndi awiri," anatero a Gerishon, n'kujambula mizere iwiri kunsi kwa yankho.

Mailesi anati zoti chimanga n'chochepa ankazidziwa kuyambira tsiku lokolola, ndipo sanafune pensulo kuti imuuze. Anati amayi amadziwa kutambasula ufa: lero phala, mawa masamba okha, mkuja ganyu. A Gerishon anayankha kuti zimenezo ndiye zawononga dziko lino, kuyendera maganizo m'malo mwa manambala. Tsopano ndi nthawi yoti chilichonse chizikambidwa poyera. Anatumiza uthenga kwa a Binwell, mchimwene wake wa Mailesi ndi Deliwe, mwini mbumba, kuti abwere Lamulungu akaweruka kutchalitchi.

"Bambo a Easter, pepalalo lisungeni m'buku," anatero Mailesi motsitsa mawu. "Achimwene musawaitane."

Iwo anayankha kuti uthenga wapita kale. Chimene ankafuna sanachinene, koma Mailesi anachiona. Ankafuna kuti a Binwell atenge Deliwe akakhale naye mpaka chimanga chiche, ndiponso kuti mawu amenewo atuluke pakamwa pa a Binwell, osati pa iwo.

A Binwell anafika Lamulungu masana, panjinga yopanda mabuleki, imene ankaimitsa ndi chidendene. Anali munthu wowonda, wolankhula pang'onopang'ono, wosula zidebe ndi mbaula. Anakana mpando nakhala pa mtondo wogwadikiza. Mailesi ndi Deliwe anakhala pamphasa, ana anauzidwa kuti akasewere kwa anansi. A Gerishon anavala jekete limene ankavala ku msika kuja, dzuwa likuswa mtengo, ndipo anawerenga pepala lawo ataimirira. Analiwerenga kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono, pothandiza osaphunzira.

Deliwe ndiye anayamba. Anafunsa ngati wamva bwino kuti anankafumbwe apatsidwa ndowa yathunthu. Atauzidwa kuti inde, anati anankafumbwe ali ndi mlamu wabwino.

Mailesi sanaseke. Anati bwanji ndowa imeneyo aibweze kwa anthu. Chimanga achisakaniza ndi phulusa, chofumbwa adzagaya chomwecho, anankafumbwe adzalowa m'mimba pamodzi ndi ufa. Anthu asanu ndi awiri ndi ndowa khumi ndi theka, ndiye kuti zikukwana, theka n'kutsala. Anawerenga zimenezi pa zala, maso ali pa amuna ake, monga munthu wolozera mnzake dzenje panjira.

A Gerishon anamwetulira ngati mmene ankamwetulirira mlimi wotsutsa sikelo. Anati phulusa si mankhwala. Anati iwo agwira mbewu zaka khumi ndi ziwiri, ndipo pa matumba khumi aliwonse limodzi limapita, kaya wina alire kaya apemphere. Nambala imeneyo sigwedezeka. Aliyense woichotsa akunamiza ana.

"Sigwedezeka?" anafunsa a Binwell.

"Sigwedezeka, alamu."

A Binwell anapempha pepalalo. Analigwira patali ndi maso, nalitembenuza, nawerenga kaye za kutsogolo kwake, pamene panalembedwa za nandolo wa munthu wina wa 1991. Kenaka anaika chala chakuda ndi mwaye pa chilembo chija.

"Ameneyu, alamu, x ameneyu, ndi wamwamuna kapena wamkazi?"

"Alibe dzina. Ndi munthu aliyense wakudya pakhomo pano."

"Oo. Ndimayesa mwalembapo Deliwe."

A Gerishon anati masamu satchula munthu, komabe n'zodziwikiratu kuti amene anabwera pomaliza ndi amene wapitiriza chiwerengero. Anawonjeza kuti a Binwell, monga mwini mbumba, sangalephere kapogona ka mlongo wawo. Apa ndi pamene Mailesi anatsitsa maso n'kuyamba kutola tizinyalala pamphasa.

A Binwell anavomera kuti mlongo ndi wawodi. Koma nawonso, anatero, ali pachikamwini kwa eni ake, ndipo kumeneko ngakhale nkhuku sangabwere nayo osapempha. Nkhokwe ya kumeneko anaiona dzulo, mwalowa mphaka n'kugonamo motambalala. Ndiye poti pepala lanena kuti asanu ndi mmodzi, ndipo pepala silinama, tiyeni tiwapeze asanu ndi mmodziwo. Anatambasula dzanja nayamba kupinda zala. Mailesi, munda ndi wa mayi ake. Ana anayi, mbumba ya pano, magazi a pano. Dzanja linatha, anatenga linalo. Deliwe, anabadwira m'nyumba imene inali pomwe pali nkhokwepo, ndipo theka la munda ndi lake, kuchokera pa mtengo wa mango kutsikira kudambo.

Anayang'ana zala zopindazo kwa kanthawi.

"Asanu ndi mmodzi. Alamu, sukulu ndi yabwino. Zala zanga zagwirizana ndi pepala lanu."

Kunja kwa mpanda kunadutsa anthu ochokera kutchalitchi china, akukangana za chipani. A Gerishon anawamvetsera mpaka mawu awo anazilala. Kenaka anakhala pansi, pampando umene a Binwell anaukana uja. Anatsokomola, nati poganizira bwino, za anankafumbwe zija zikhoza kuonedwanso. Chaka chouma sachuluka kwenikweni. Ndipo phulusa, likakhala la zitsononkho, ena amati limathandiza.

A Binwell anati ayi, asadzichepetse chotero. Munthu wa zaka khumi ndi ziwiri pa sikelo sangasinthe nambala chifukwa cha mawu a wosula zidebe. Anatembenukira kwa Mailesi kumufunsa ngati ali ndi mawu. A Gerishon nawo anamuyang'ana. Mailesi anali atasonkhanitsa tizinyalala tija pamodzi, kamulu kakang'ono pafupi ndi bondo la Deliwe.

"Ndinanena kale, achimwene," anatero. "Anandiyankha."

A Binwell anafotokoza kuti palibe amene akuthamangitsidwa. Ukwati ulipo, ana ndi awo, khasu lawo likhala pomwe limakhala. A Gerishon angopita kukaona abale ku Nsambe, poti papita nthawi, ndipo chimanga chikacha adzabwere. Anazinena mwaulemu wonse. M'mudzimo munali amuna atatu amene anapita kukaona abale chaka cha njala ya 1992. Mmodzi anabwerera.

Deliwe anafunsa za kachidutswa kaja, magawo awiri mwa atatu a munthu. Kodi kameneko kadya chiyani? Sanafunse moseka. A Gerishon, poti funso la masamu sankatha kulisiya, anayankha kuti anthu asanu ndi mmodzi adya ndowa zisanu ndi zinayi, anankafumbwe imodzi, itsala imodzi. Ndowa imodziyo ndiyo magawo awiri mwa atatu a chakudya cha munthu.

"Ndiye yanu imeneyo, alamu," anatero a Binwell, akudzuka pa mtondo. "Musakafike kwa eni ake manja ali lende."

M'mawa mwake Mailesi anayeza ndowayo. Anaidzaza mpaka pamwamba pakhala kaphiri. A Gerishon anayang'ana kaphiriko, dzanja lawo linapita lokha n'kusalaza, maso a chimanga n'kugwera pamphasa. Mailesi anawatola limodzilimodzi, nawabwezera m'thumba la chimanga cha amuna ake iwo akuona. Easter, mwana wawo woyamba, anawauza kuti akabwere ndi manachesi a ku Nsambe. Anamuyankha kuti si nyengo yake. Deliwe sanatuluke m'nyumba. Anangolankhulira m'katimo kuti ayende bwino alamu, ndipo dzina la Sikelo sanalitchule.

Njira ya ku Nsambe ndi yokwera. Thumba analisenza paphewa, poti kusenza pamutu pamaso pa anthu amene kale ankawayezera mbewu kunawavuta. Atadutsa midzi yowadziwa analiika pamutu. Pokwera anawerenga mumtima kuti ndowa imodzi ndi masiku makumi anayi ndi asanu ndi limodzi, mwina ndi kadzutsa wa tsiku lotsatira. Masabata khumi ndi masiku makumi asanu ndi awiri. Otsalawo anawawerenga kawiri, ndipo kawiri konse anatuluka chimodzimodzi. M'minda ya m'mbali mwa njira chimanga chinali m'mawondo, masamba atapota ndi dzuwa.

Anafika kwa mlongo wawo Maness dzuwa litapendeka. Maness anali pakhomo akusadzula masamba a chisoso, ana asanu atamuzungulira. Chitseko cha nkhokwe chinali chotsegula, ndipo panalibe amene ankavutika kuchitseka. Anawalandira thumba, nawapatsa madzi, nafunsa za Mailesi ndi ana, mmodzimmodzi ndi dzina lake. Atafunsidwa za mwamuna wake, anati anapita kukaona abale ku Mwanza, mwezi watha.

Ana aja anali atasiya kuyang'ana amalume awo. Ankayang'ana thumba. Maness analikweza pang'ono ndi dzanja limodzi, kuliyesa kulemera, nalitsitsa.

"Mwatikumbuka, achimwene," anatero. "Nanga mukhala masiku angati?"

A Gerishon anawerenga mitu: ana asanu, Maness, iwo. Asanu ndi awiri. Dzanja lawo linakwera kukhutu, linapeza pensulo ili pomwepo, yonyowa ndi thukuta. Anaizula, anaiyang'ana, naiika m'thumba la jekete.

"Sindinawerenge," anatero.

Maness anamasula thumba, natapa chimanga mbale ziwiri, napatsa mwana wamkulu kuti akayambe kusinja kusanade.