Kagetsi Kobiriwira Kankangophethira

Fungo la dzira lowola mumalidziwa inu? Musavomere msanga. Limene ndikunena ine ndi la mazira khumi ndi anayi, otsekeredwa m'bokosi atafa kwa sabata yathunthu. Mpaka lero ndikangomva kafungo ka dzira, ngakhale lokazinga, mseru umandigwira.

Ntchito yanga ndi yokonza mafoni. Chaka chatha ndinalembetsa maphunziro a Loweruka lililonse, ophunzira kulemba mapulogalamu a tizipangizo ting'onoting'ono, tija timakhala m'kati mwa mafiriji ndi masikelo n'kumalamula kuti ichi chiyake, icho chizime. Mphunzitsi wathu tinkawatcha a Pang'onopang'ono. Chipinda chawocho, abale inu! Mawaya ali mbwee pansi, makapu a tiyi wa dzana atamera nkhungu, mphemvu zikutuluka m'makompyuta ngati pakwawo. Munthuyo nsonga ya chowotcherera mawaya ankaipukutira pa malaya ake omwe. Ine ndinkakhala pampando ndi thako limodzi.

Koma chimene chinkandinyansa koposa chinali maphunzirowo. Masabata atatu athunthu: yatsani kagetsi, zimitsani kagetsi, kaphethiritseni pang'onopang'ono, tsopano mofulumira. Munthu wamkulu ine, ndi ndevu zangazi, kusewera ndi kagetsi ngati mwana wa mkaka! Sabata yachinayi anaima kutsogolo, nyenyeswa za buledi zili pachibwano, n'kunena kuti, “Nambala iliyonse kachipangizoka kamaisunga m'kabokosi, ndipo kabokosiko kali ndi malire. Musanasungemo kanthu, muzidzifunsa kuti nambalayi ikula mpaka pati.” Mawuwo ndinawamva ndithu, koma maso anali pa foni.

Ndinkafuna kupanga chinthu chenicheni. Ndinatenga kafiriji kakufa, ndinaikamo babu lotenthetsa, kachoyezera kutentha ndi kamota kotembenuza mazira. Pulogalamu ndinalemba ndekha, zina ndinangotola pa intaneti. Inkawerenga mphindi kuyambira pamene mazira alowa. Nambala ikakhala yoposa ziro, ndiye kuti kufungatira kwayamba, babu lizigwira ntchito. Pachitseko ndinaikapo kagetsi kobiriwira kuti kaziphethira, makinawo azioneka apamwamba. Ndinayesa ndi mazira khumi a nkhuku. Pa tsiku la 21, anapiye asanu ndi anayi, piyo piyo! Kwa a Pang'onopang'ono sindinapondeko phazi kuyambira pamenepo. Ndikaphunzirenso chiyani kwa munthu womwera tiyi m'kapu ya nkhungu?

Ndiye kunabwera nkhani ya abakha. Amayi athu atamwalira, sanasiye nyumba kapena galimoto. Anasiya abakha oyera a kachipewa ka nthenga pamutu, amene anawaweta kuyambira ife tili ana. Anawatenga achemwali anga aakulu. Matenda anapululako ena, ndipo awiri otsalawo galu wina wa m'dera lathu anawapha m'mawa umodzi. Chinatsala ndi mazira khumi ndi anayi pachisa.

Achemwali anandiimbira foni akulira. “Iwe, mazirawa ndikufuna ndikawaike kwa aneba. Ali ndi thadzi limene langoyamba kufungatira.”

“Achemwali, nkhuku ya eni? Ija imagona pa dzala ija? Ndiye ine makina ndinapangira chiyani?”

“Ukudziwa kuti abakha a amayi ndi omwewa basi?”

“N'chifukwa chake ndikukana za nkhukuzo.”

Ndinanyamula kafiriji kanga mpaka kwawo, tinakaika m'chipinda chosungira katundu, pakati pa matayala a njinga ya alamu ndi zidebe za penti. M'pulogalamu ndinangosintha 21 kukhala 28, poti abakha amenewa amachedwerapo kuswa. Kenako ndinawalangiza, chala m'mwamba: “Musatsegule, musakhudze, mungatulutse kutentha. Muzingoona kagetsika. Kakamaphethira, zonse zili bwino.”

Achemwali ndi munthu womvera. M'mawa uliwonse ankanditumizira uthenga: “Kakuphethira.” Tsiku la 28, zii. La 29, zii. Ndinati abakha ndi aulesi, dikirani. Pa tsiku la 31 anandiimbira alamu. “Alamu, bwerani mudzaone chinthu chanuchi. M'nyumba muno simukukhalika.”

Fungo linandilonjera ndili pageti. Ntchentche zobiriwira zinali ng'waa pa zenera la kachipindako. Nditatsegula chitseko cha kafirijiko ndinabwerera chambuyo, m'maso muli misozi. Mazira awiri anali ataphulika, madzi akuda bii akuyenderera pa mawaya anga. Babu linali lozizira ngati mwala. Koma kagetsi kaja, phethi, phethi, kopanda manyazi.

Ndinadziphimba mphuno ndi malaya n'kulumikiza laputopu. Nambala ya mphindi inali ndi kamzere kutsogolo, yochepera ziro. Mphindi zingachepere ziro bwanji? Ndinameza manyazi n'kuimbira a Pang'onopang'ono.

Anandimvetsera akutafuna china chake, nyamu nyamu, m'khutu mwanga momwe. Kenako anafunsa, “Mphindizo munazisunga m'kabokosi kanji?”

“Kaja ka masiku onse, aphunzitsi.”

“Kamene kaja kamathera pa 32,767. Masiku 21 a nkhuku amakwanamo, n'chifukwa chake munapulumuka. Koma likamatha tsiku la 23 kamadzaza, nambala n'kugubuduka kupita pansi pa ziro. Pulogalamu yanu inaganiza kuti mazira simunaikemo, ndiye inazimitsa babu. Nanga kagetsiko munakalumikiza ndi kutentha?”

“Ayi. Kankangophethira.”

“Ndiye kankakuuzani kuti magetsi alipo, basi. Pepani. Tinaphunzira zimenezi sabata yachinayi.”

Sanandinyoze, ndipo chimenecho ndiye chinandiwawa. Bola akanandilalatira. Ndinadziyang'ana manja, atapakika zonyansa zija, ndipo ndinadzinyansa ndekha kuposa mmene chipinda chawo chinkandinyansira. Mphemvu za a Pang'onopang'ono sizinaphepo kanthu.

Achemwali anaika mazira otsalawo m'beseni n'kupita nawo kuseri kwa nyumba, kumene alamu anali atakumba kadzenje. Ndinati, “Achemwali, ingokwirirani, musatsegule.” Sanandiyang'ane. Anatenga kamtengo n'kuyamba kuswa limodzilimodzi, poganiza kuti mwina lina likupuma. Alamu anathawira kutali akulavula. Ine ndinasanza pa mpanda.

Ndikanakonda mukanakhala madzi okhaokha. Koma m'dzira lililonse munali kabakha kathunthu, kamlomo, timapazi, nthenga zonyowa zitamatirira. Abakhawo anangotsala ndi masiku asanu kuti aswe. Achemwali ankakatulutsa ndi manja awo, osanyansidwa, n'kukagoneka m'dzenjemo bwinobwino. Pa ka nambala seveni anaima. Anakapukuta pamutu ndi chala chachikulu, pamene panali kachotupa ka chipewa chija.

Nthawi yomweyo thadzi la aneba linadutsa kunja kwa mpanda, lakuda ndi phulusa la pa dzala, anapiye ali pambuyo pake mndandanda. Tonse tinaliona.

Atamaliza, achemwali anakwirira okha, n'kusamba m'manja pampopi kwa nthawi yaitali. Ndinaima chapatali, ndikufunafuna mawu. “Achemwali, ndakonza kale. Ndi mzere umodzi wokha umene unalakwika. Tikapeza mazira ena…”

“Ena a ndani?”

Anapukuta manja pa siketi, n'kuyang'ana ku zenera la kachipinda kaja.

“Achimwene, kagetsi kanu kaja kakuphethirabe. Pitani mukakazimitse.”