Kugwa kwa a Rex

Panatsala masabata atatu kuti a manejala a kuntchito kwake amusainire Esnart pepala. Pepala limenelo likanatsimikiza kuti unamwino womwe anaphunzira ku Zomba ndi wokwanira, akhoza kulembedwa ntchito m'chipatala cha boma kuno ku England. Akanangolowa m'chipatala, akanaitanitsa Temwani, mwana wake wa zaka zitatu yemwe anatsala ndi agogo ake ku Chinamwali. Kajasi kofiira anali atamugulira kale pa Stratford Road, kali m'pulasitiki pamwamba pa wodilopu.

Podikira tsikulo ankasamalira nkhalamba panyumba ina yosungira okalamba ku Oldbury. Chilichonse ankachiyang'ana kawiri. Madzi osamba ankawayesa ndi chigongono, dzina la pabotolo la mankhwala ankaliwerenga mpaka milomo kugwedera.

M'chipinda cha nambala naini munkakhala a Rex Tolliver, mzungu wa ku America wa zaka 86. Anabwera ku Birmingham kalekale potsata mkazi, mkaziyo n'kumwalira, iwo n'kutsalira. Ali mnyamata ankasewera mafilimu aja a anthu okwera mahatchi, oonetsedwa chigawo chimodzi sabata iliyonse. Sanakhalepo ngwazi ya filimu. Iwo ankakhala munthu uja amawomberedwa.

"Ndafa kokwana 140, mtsikana iwe," ankatero a Rex, Esnart akuwameta ndevu. "Ndagwa pahatchi, padenga, pasitima ikuyenda. Dzina langa linkatuluka kumapeto, anthu akusaka kale majasi awo."

Pafayilo yawo panalembedwa ndi inki yofiira kuti akachoka pabedi asasiyidwe okha, ndipo asaimirire popanda wowagwira.

"Asisi, agogo anuwo musamawasekerere," anamuchenjeza Annet, mnzake wa ku Kasungu, akupinda matawulo. "Akusaka owonerera basi. Ife tikangomva za mahatchi timati shifiti yatha."

Koma munthu wamkulu akamayankhula, Esnart sankatha kumutembenukira nkhongo.

Lachiwiri lina atamwa tiyi wa mmawa, a Rex anamupempha kuti aike tepi ya vidiyo yomwe munthu wina anawatumizira. Zithunzi zake zinali zotuwa, zonjenjemera. Mnyamata wa chipewa chachikulu anatulukira paphiri, mfuti inalira, iye n'kupendekeka, n'kugubuduka m'fumbi. Zonsezo sizinakwane mphindi.

Esnart anaomba m'manja pang'ono. "Munkatha, agogo."

"Sukukhulupirira kuti ndi ine."

"Ndakhulupirira."

"Ayi, ukungondilemekeza. Kugwa ndi luso, ndimvere. Phewa limayamba, mutu umabisala." Anagwira mikono ya mpando n'kudzikoka mpaka kuimirira.

"Khalani pansi, agogo, chonde." Mawuwo anatuluka aang'ono. Annet akanawakankhira pampando osaphethira n'komwe. Esnart manja anali m'malere, osadziwa powagwira bambo amsinkhu wa agogo ake.

"Ndiloze ndi chala, undiwombere. Kamodzi kokha, ndikhala."

Esnart anayang'ana kukhomo. Munalibe munthu m'khonde. Anaganiza kuti angodzigwetsera pampando pomwepo, nkhani ithe. Anakweza chala.

A Rex anagwira pamtima, maso n'kutembenuka, thupi n'kupotokola bwinobwino ngati mnyamata wa pa tepi uja. Kenako panamveka kuthyoka, ngati nthambi youma yapondedwa.

Ambulansi itawatenga, Esnart anakhala ndi fomu ya lipoti mpaka inki inadontha pamalo amodzi. Analemba kuti a Rex agwa nthawi ya 10:20 ndipo fupa la m'chiuno likuoneka kuti lathyoka. Pofunsa kuti zinachitika bwanji anasiya posalemba.

Lachinayi a manejala, mayi Pritchard, anamuitanira mu ofesi. Sanali munthu wankhanza. Anamupatsa mpando, n'kutseka chitseko.

"Ndinapita kuchipatala dzulo," anatero. "A Tolliver akuti anali okha. Akuti munapita kukatenga madzi, iwo n'kuterereka. Anandiuza misozi ili m'maso kuti inu mulibe mlandu." Anatembenuza fayilo kuti inki yofiira ija iyang'ane kwa Esnart. "Munawasiya okha ali pampando?"

Esnart anayang'ana inki yofiirayo. Akavomera, ndiye kuti anasiya nkhalamba yomwe sinkayenera kusiyidwa. Akakana, afotokoze za chala.

"Ndinalipo," anatero.

Anafotokoza zonse, tepi, chipewa, phewa loyamba. M'Chingerezi, mu ofesi ya makapeti, nkhaniyo inkamveka ngati ya munthu wosokonekera mutu. Mayi Pritchard analemba osadzutsa nkhope, kenako anaika cholembera pansi.

"Ndiye munali pomwepo, iwo ataimirira, inu n'kuwaloza ndi chala."

"Inde."

"Ndipo mawu anu ndi awo akusiyana. Zimenezi ndiyenera kuzitumiza kwa akuluakulu. Mukhala kaye kunyumba mpaka afufuze." Anatsegula dilowa. Pepala lija linali pamwamba penipeni, mzere wosainapo uli woyera. Anaikapo fayilo ya a Rex n'kutseka. "Ili sindingasaine, Esnart. Mwina mudzayambirenso kwina, ngati angakulandireni."

Loweruka Esnart anakwera mabasi awiri kukaona a Rex kuchipatala. Anawapeza atachepa m'bedi, opanda mano awo oikirira, khungu lili ngati pepala lonyowa. Namwino wa m'wodimo, mtsikana wa yunifolomu yomwe Esnart ankailota, anamunong'oneza kuti chifuwa chayamba kudzaza madzi ndipo asawatopetse.

A Rex atamuzindikira anamwetulira, n'kumukodola kuti awerame.

"Bwana wako anabwera," ananong'ona. "Ndinamupatsa sewero la moyo wanga wonse. Mpaka misozi. Anakhulupirira, eti?"

Esnart anawakonzera pilo, n'kuwapukuta pakamwa.

"Anakhulupirira, agogo."

"Nanga kugwa kuja? Unaona phewa?"

"Ndinaona. Munagwa bwino."

Anatseka maso, akumwetulirabe.

Pobwerera Esnart anatsikira ku Sparkhill komwe ankakhala, nagula khadi ya foni pashopu ya pakona. Kumudzi kunayankha amayi ake. Anafunsa za pepala, iye n'kunena kuti lachedwa pang'ono, azungu ndi a mapepala ambiri. Kenako anamva amayiwo akuitana, "Temwani, bwera uyankhule ndi amako." Kunamveka timapazi, kupuma kwa mwana pafoni, kenako kamawu kakufunsa agogo ake cha kumbali, "Amayi, ndi ndani?"

Atafika m'chipinda chake anatsitsa pulasitiki ija pawodilopu. Anatambasula kajasi pabedi, nayeza mkono wake ndi chikhato. Pakolala panalembedwa zaka zitatu mpaka zinayi. Temwani anali atatsala pang'ono kukwanitsa zinayi, mu Okutobala.